Napolo Walembedwa Ulonda

Lolemba

Sabata ino ndikupulumutsa masewera athu. Tinayayamba ku koleji: ine ndimafotokoza nkhani, aliyense amakhala munthu wa m'nkhanimo, zikavuta dayisi ndiye amaweruza. Tatsala atatu: ine, Mavuto wa pasikelo ya masamba a tiyi, ndi Esinati wa kuchipatala cha esiteti. Wina akasamuka, basi atha.

Malamulo atsopano:
- dayisi achoke, tizingokambirana
- palibe kufa
- aliyense ndi wolandiridwa

Esinati akuwomba m'manja. Mavuto akuti: "Kale munthu ankafa bwinobwino. Msilikali wanga anadyedwa ndi ng'ona chifukwa dayisi anagwera pa wani. Ndinalira. Zinali zokoma."

Lachiwiri

Phindu loyamba! Kale tinkabisala kuseri kwa fakitale chifukwa apongozi, mkulu wa mpingo komanso kapitawo wopuma, amati dayisi ndi juga. Lero tikusewera pakhonde pawo masana. Pawo, poti ine pano ndi mkamwini.

Akumvetsera. Akukoka mpando. Wosewera wachinayi! Mavuto ndamuyang'ana monyada.

Lachitatu

Apongozi asankha kukhala kapitawo. Ndikufotokoza mwaulemu kuti lino ndi dziko la asilikali, amatsenga ndi zilombo. Iwo: "Ndiye dzikolo limayenda bwanji popanda kapitawo?"

Ndikutulutsa Napolo, chinjoka chogumula mapiri. Wagona pamlatho, maso ngati nyali za thirakitala. Ndamukonza kuyambira nthawi ya chiperoni.

Apongozi: "Ndamuuza achoke."

Malinga ndi malamulo, tikambirane. Esinati akuyang'ana pansi. Mavuto akuyang'ana ine. Ine ndikuyang'ana denga, lomwenso ndi lawo.

Napolo wachoka. Wapepesanso.

Lachinayi

Ulendo wokafuna chuma kuphanga waimitsidwa kaye. Kapitawo akuti anthu sangapite koyenda tiyi atakula m'munda.

Mmene zilili:
- msilikali wa Mavuto wabereka dengu, akutchola masamba
- lupanga lasungidwa ku ofesi
- wamatsenga wa Esinati walapa, tsopano ali m'kwaya

Esinati wayesa. Wayamba ndi "Bambo, mwina..." wamaliza ndi "Zoona, bambo." Uyu ndi munthu amene amakalipira madalaivala a malole asanawabaye jakisoni.

Lachisanu

Mavuto akupempha kuti msilikali wake afe. Wadziponya kuphedi. Lamulo lachiwiri likukana. Apongozi: "Ameneyo sanafe, ndi ulesi. Adzuke, sanamalize mzere."

Wadzuka.

Taweruka dzuwa lisanalowe, poti likangolowa ndi Sabata. Potuluka Mavuto wandisiyira dayisi m'manja ngati chipepeso chapamaliro.

Loweruka

Palibe masewera. Tikutuluka m'tchalitchi, ndikumva apongozi akufotokozera akuluakulu anzawo mmene anathamangitsira Napolo. Nkhaniyo yakula: akuti anamugwira khutu.

Mkazi wanga, mayi a Chisomo, akusangalala: "Koyamba kuti muchite chinthu chothandiza pakhomo pano. Bambo asiya kufunsa za denga la khitchini."

Uthenga wa Esinati, wowombera m'manja malamulo atsopano uja: "Bweretsani dayisi. Ndikufuna ng'ona indidye."

Lamulungu

Mavuto akuti mutu. Esinati akuti ntchito, ngakhale ndamuona akukwera minibasi ya ku Bvumbwe.

Koma pakhonde padzaza. Akuluakulu a mpingo abwera ndi mipando yawo. Onse asankha ukapitawo. Wotchola palibe.

Ndikutsokomola kuti ndiyambe nkhani. Apongozi: "Bambo a Chisomo, pumani, nkhaniyi ndaidziwa tsopano. Inu khalani Napolo."

Ndine Napolo. Ndalembedwa ulonda pageti ya fakitale. Ntchito yanga: kukweza mtengo wotchinga pageti kapitawo akamadutsa, komanso kuteleka tiyi. Tiyi weniweni, kukhitchini yodontha ija.

Masewera apulumuka, osewera sanachulukepo chonchi. Dayisi ali m'thumba, akundibaya ntchafu. Mudzi wonse uno, ndi iye yekha akanatha kuuza apongozi kuti ayi, ndipo ndinamuchotsa ntchito ndekha Lolemba.