Mwala wa Apongozi

Lolemba
Lamulungu ku Zobue akubatiza mdzukulu wanga, uja anamupatsa dzina langa. Ndalengeza kale Moatize yense: za shapa, timinibasi tija, ayi, ndikafika pa galimoto ya apongozi! Apongoziwo, a Amadeu, amuna a mwana wanga Rosa, chiwachotsereni ku mgodi wa malasha akuti ndi mekaniko. Lero asintha mapastilya, tizitsulo tija togwira matayala akumbuyo. Akuimba mluzu.

Lachiwiri
Travau wa m'manja, buleki uja, akumukoka mpaka m'khwapa, galimoto osagwira! Yatsetsereka yokha. Zowonongeka:
beseni langa,
mpanda wa aneba, a Fatima,
mtengo wa papaya.
Ine vuto ndaliona. Malemu bambo a Rosa ankayendetsa lole: ankati umamasula waya wa travau wa m'manja, n'kupopa travau wa phazi mpaka kulimbe, kenako n'kumanga waya. Koma mkamwini sulankhula naye maso ndi maso. Ndatuma Rosa.

Lachitatu
Rosa wakanena kuti: "Amayi akuti mukugwira ntchito yabwino." Mwana ameneyu! Apongozi akondwa, akungitsa waya mpaka mapeto. Angozungulira msika, kubwera tayala likununkha ngati tsitsi lopsa. Ndalavulirapo mobisa: tsss!

Lachinayi
Amasula. Tayala lakumanja likugwira, lakumanzere likuseka. Ndaima pakhonde n'kuuza nkhuku mokweza: "Iwe, ukadzagula galimoto, uzipopa kaye ndi phazi!" Apongozi, mwa ulemu, athawira kuseri kwa nyumba kuti asamve zokamba zanga. Ulemu utipha!

Lachisanu
Kwadzaza amuna, aliyense ndi sipanala yake. Wina akuti mangani, wina masulani, wina akuti galimoto yalodzedwa. Wopopa palibe. Chitenje chatsopano ndachisita kawiri.

Loweruka
Phaa! Waya waduka. Waya wina akuti apezeka ku Tete sabata yamawa. Amuna onse atabalalika ndalowa ndekha m'galimoto, ndapopa, ndapopa. Travau wa phazi walimba gwa! Apongozi akuuza anthu kuti wakhazikika yekha. Chabwino. Koma ku Zobue n'kumapiri, galimoto ikaima aigwira ndani?

Lamulungu
Aigwira ndi ine. Ndakhala kumbuyo, mwala waukulu pamiyendo, wokulunga m'nsalu kuti usadetse chitenje. Tikaima paliponse nditsike, ndigwade, nditsekere tayala. Kutchalitchi, pamtsetse, azimayi andithamangira ndi nthungululu, akuti ndanyamula mphatso ya mwana. Ndamasula nsalu onse akuona.

Mwana wabatizidwa, dzina ndi langa, ndipo pa galimoto ndafikadi. Pobwerera apongozi anong'oneza Rosa kuti mwala ndiziuika pakatikati pa tayala, osati m'mbali. Uthenga umenewu wokha Rosa wafikitsa wonse, osachotsapo liwu.