Majini a mu Yisiti

Nkhani iyi ngakhale bambo a Tadala sakuidziwa: mphekesera ya majini ija ya pa Msundwe ndinaiyambitsa ine mwadala, ndikudziwa kuti ndi yabodza.

Ndimagulitsa mandasi pasiteji, satifiketi yanga ya zakadyedwe ili m'sutikesi. Pafupi nane amakhala amake Chisomo. Mandasi awo ndi otupa, ofewa, amatha dzuwa lisanakwere. Anga ana asukulu ankawatcha "miyala ya legeni". Zonsezo ndinkapirira, kufikira tsiku lomwe Tadala, mwana woyamwa bere langa, analavula langa n'kulozera beseni lawo.

Tsono ku koleji tinaphunzira kuti asayansi amasintha majini a yisiti, tizinthu ta chibadwa tija, kuti buledi azitupa msanga ndi mowa uzipsa bwino. Ndili pamjigo ndi amayi anzanga ndinangoti, "Kutupa kwa mandasi a amake Chisomo si kwachilungamo. Yisiti wa masiku ano amamuika majini." (Ndinkadziwa majini amene amayi aja amve. Sindinawakonze.)

Pofika madzulo akabaza ankati majiniwo anachokera kumalire a Mchinji. Anthu anayamba kugula kwa ine, akumatafuna mopirira. Ndinasangalala, ndisaname.

Lamlungu titaweruka, abusa ndi amayi a mpingo anapita kwa amake Chisomo kukapemphera, ine ndili pambuyo ndi mwana kumsana. Anatulutsa beseni la ufa wokanda, lovundikira chitenje, n'kuliika padzuwa. Pemphero linatalika. Ufa padzuwa umatani? Chitenje chinayamba kukwera. Mayi wina anati majini akutuluka, nyimbo inakula. Ndikanafotokoza kuti ndi mpweya chabe, koma ndikanayambira pati?

Lolemba mandasi aja anali "opemphereredwa". Mzere unafika pa minibasi za ku Nsaru. Amake Chisomo ananditumizira awiri m'pepala, akumwetulira: "Amake Tadala, idyani, mulibenso kanthu. Inu ndiye munali ndi maso, eti?"

Abusa nawo analengeza kuti ndili ndi mphatso yoona zobisika. Pano amayi amandibweretsera timapaketi ta yisiti kuti ndione ngati muli majini, koma mandasi amakagulabe uko. Bambo a Tadala amabwera nawo kunyumba, ati ndi a madalitso.

Awiri aja ndinadya kuseri kwa bafa. Ndi okoma, ndipo n'zimene zikundiwawa. Yisiti wawo ndamuona, ndi wa pagolosale pomwe ndimagula ine.

Tsono anzanga, mawu amene ndinanena ali m'buku la sukulu ndithu. Kodi pamenepa ndinalakwa?