Nambala imene inandiwonongera chinkhoswe

Ndikanangolemba mtima wa shuga pa keke ngati anzanga onse, bwenzi lero ndili pabanja.

Ndine mphunzitsi wamasamu kuno ku Ntcheu, ndipo pa chinkhoswe changa ndi Tadala, namwali wa ku Lizulu, ndinafuna kuti kuchimuna tiwoneke ophunzira. Ndinauza wophika keke kuti alembepo 1,000,001. Pali manambala ena osagawika: ngakhale muyese bwanji, amangogawika ndi 1 ndi iwo eni, kwina konse pamatsala kanthu. Ndinali ndi chikhulupiriro kuti iyi ndi imodzi mwa iwo. Ndinaiyesa ndi 3, ndi 7, ndi 11, mpaka kukafika pa 97, yonse ikukana. Apo ndinatopa, ndinati basi, yakhwima. (Ana anga m'kalasi ndimawakalipira akachita zomwezi.)

Tsikulo anthu anadzaza pabwalo, mphepo ya Juni ikulowa m'mafupa. Woyendetsa mwambo atawona keke anandipatsa chimkuzamawu kuti ndimasulire.

"Nambala iyi palibe angaigawe," ndinatero, dzanja lili pamtima. "Banja lathunso lidzakhala choncho."

Nthungululu zinalira. Tadala anaweramitsa mutu akumwetulira. Ndikanakhala pansi pomwepo, koma ndinawonjezera kuti amene akukayika ayese.

Anadzuka a Ngozo, malume ake a Tadala, nkhoswe ya kuchikazi. (Palibe anandiuzapo kuti anaphunzitsa masamu kusekondale mpaka kupuma.) Anavala magalasi, nayang'anitsitsa keke uja nthawi yaitali.

"Akamwini, mwayesa 101?"

Ndinati ndinayesa ambiri.

"Sindinafunse ambiri."

Mafoni anatuluka m'matumba ndi m'zitenje momwe. Wina kumbuyo anakuwa kuti yalowa bwinobwino, 9,901, popanda chotsala. Wina n'kufunsa ngati ndiye kuti akazi adzakhala 101. Anthu anaseka mpaka woimba nyimbo anazimitsa makina. Mayi ake a Tadala okha sanaseke, ankangoyang'ana keke ngati aikapo mankhwala.

Ndinayesa kudzipulumutsa ponena kuti zidutswa ziwirizo, 101 ndi 9,901, pazokha n'zosagawika. A Ngozo anavomera kuti zimenezo n'zoona. "Ndiye kuti aliyense adzalimba payekha," anatero, n'kukhala pansi.

Mwambo unatha ndithu, koma keke wambiri anatsala. Ukwati tinausuntha kawiri, kenako Tadala anandiitana pasiteji ya minibasi pa Boma.

"Si nambala ija ayi," anatero. "Khitchini ija mwafolera mbali imodzi. Sukulu ya digiri munaisiya. Inu mukatopa mumangoti zatheka."

Ndinafuna kutsutsa, koma iye anali atakwera kale minibasi, kondakitala n'kutseka chitseko.

Pano ali ku Dedza, ndikumva kuti ali bwino. Ine ndikadali pompano. Ndikamadutsa pamsika, akabaza amakuwa kuti, "A Handiredi Wani, tikupititseni?" Poyamba ndinkakwiya. Masiku ano ndimangokwera.