Kompuresa Yanga Sisuta, Bwana Nduna

Brikama, msewu wa ku Gunjur
Lachiwiri, 12 Novembala

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Zololedwa ndi Zoletsedwa,

Bwana, Loweruka pa 2 mwezi uno munaveka mendulo woimba uja Bunja pa wailesi ya kanema, ndipo Lolemba pa 4 anyamata anu ananyamula kompuresa yanga yopopera matayala. Ndalemba kuti ndithokoze pa zonse ziwiri, chifukwa boma lachangu chonchi sindinalionepo. Chiphaso chobadwira cha mwana wanga chatha miyezi isanu ndi inayi chili m'njira, koma ine munandipeza m'masiku awiri okha.

Dzina langa ndine Sankung Darboe. Ndimamata machubu ndi kupopa matayala. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, choncho mukapeza chilembo chopindika mungochiwongola mwakachetechete, monga ine ndimawongolera malimu a galimoto za unduna wanu osafunsa kuti zinagunda chiyani. Ndili ndi mkazi mmodzi, Jankey, ndi mwana mmodzi, Sirra.

Sirra anabadwa ndi mawu aakulu kuposa thupi. Tinayesa kumubereka, kumuyendetsa, kumusambitsa, osatheka. Tsiku lina Jankey anabwera naye ku shedi kudzandipatsa mpunga wa masana, ine n'kuyatsa kompuresa. Makinawo ndi okalamba, ali ndi chifuwa. Amati du-du-du, n'kupuma, kenaka tsiii. Mwana anangoti zii, tulo! Kuyambira pamenepo masana aliwonse amagonera pa shedi, ine ndikung'ung'udza motsatira makinawo kuti, "Gona Sirra, mphepo ndi ya Mulungu, atate ako angoigulitsa."

Nthawi imeneyo Bunja analibe mendulo, analibe ngakhale njinga yoti ndiipope. Ankabwera kudzamwa tiyi wanga wa ataya, amene timamwa katatu, matambula onse atatu, akatero n'kuzembera kuseri kwa shedi kukasuta. Ndinamuthamangitsako kawiri. Ndinati, "Iwe Bunja, moto wakowo pafupi ndi guluu ndi petulo! Tidzauluka tonse, ndipo iwe ukafika kwa Mulungu maso ali psuu." Iye amvekere, "Mkulu, iwe umapopa matayala, ine ndimapopa mzimu." Nyimbo imene mwaipatsa mendulo ija, Bwana, ndi ya Sirra yomweyo. Du-du-du, kupuma, tsiii. Ngakhale mphepo ya Mulungu ilimo. Anangochotsa dzina la mwana wanga n'kuikapo la mtsikana wina wa ku Serekunda.

Sindinakwiye. Kutatsala sabata kuti mumuveke mendulo anabwera pa galimoto yobwereka n'kuti, "Mkulu, Loweruka ndikutchula pamaso pa dziko lonse." Inu mukudziwa kuti woimba akakutchula sumubweza chimanjamanja, ndiye ndinamupatsiratu ndalama, madalasi mazana atatu. Ndinabwereka wailesi ya kanema, ndinagula shuga, ndinaitana apongozi anga a Karamo Touray, munthu amene wakhala pa mzere woyamba mu mzikiti zaka makumi atatu ndipo sanakhulupirirepo kuti womata machubu angasunge mwana wawo. Anabwera atavala mkanjo woyera. Ndipo Bunja anaima pambali panu nati, "Ndikuthokoza mbale wanga Sankung Darboe wa matayala, msewu wa ku Gunjur, moyang'anana ndi mpopi wa madzi, chifukwa kuseri kwa shedi yake ndi kumene chamba chinanditsegula mutu." Holo yonse inaseka. Inunso munaomba m'manja, ndinakuonani, muli ndi wotchi yokongola. Apongozi anaika tambula pansi tiyi ali momwemo, n'kuyamba kufunafuna nsapato zawo.

Ndiye kuti ndinalipira ndekha kuti andinenere ku boma, ndi malo omwe. Tsopano madandaulo anga, amene ndi ang'onoang'ono poyerekeza ndi ntchito zanu.

1. Anyamata anu anayi anasecha bwino kwambiri, ndipo ndikuwayamikira. Anapeza guluu, machubu, ndi thewera limodzi limene analitsegula okha ngakhale ndinawachenjeza. Atasowa china, mkulu wawo anagogoda thanki ya kompuresa nati, "Muli chiyani umu?" Ndinati, "Mphepo, bwana." Iye anati, "Onse amatero. Tikaiyeza." Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu akuyeza mphepo. Muwauze asatsegule valavu ya kumanzere msanga, imamenya chala.

2. Ine chamba sindichifuna, ndipo musaganize kuti ndikuchiikira kumbuyo. Mwana wa aneba anga anayamba ndi chomwecho, anapita ku zina zoposa, lero amapereka moni kwa mapolo a magetsi. Koma ndine bambo, ndipo tsiku lina Sirra adzandifunsa chifukwa chake ichi n'choletsedwa ndipo icho ayi. Ndiye ndinafunsa mkulu uja mwaulemu. Anati, "Chifukwa chili pa mndandanda." Ndinati, "Nanga chinalowapo bwanji, bwana?" Anati, "Chifukwa n'choletsedwa. Ukufuna nawe ulowepo?" Ankayankha akusuta ndudu, ndipo chenjezo la pa paketi yake analiphimba ndi chala. Malume anga anadulidwa mwendo ndi matenda a shuga, koma shuga ali pa golosale iliyonse, ndipo ine ndemwe ndinathira wambiri mu tiyi wa apongozi. Ndaganiza ndekha ndi mutu wa kalasi yachinayi, ndapeza kuti chinthu chikamapha anthu koma chikulipira msonkho ndi chololedwa, chikamapha chosalipira ndi choletsedwa. Ngati ndalakwa, mundikonze, ndisadzanamize mwana.

3. Chamba chimodzi chomwecho, chili kuseri kwa shedi yanga ndi mlandu, chili m'mutu mwa Bunja ndi luso. Ndikupempha mundiuze kuti chimasandulika pa kilomita iti pakati pa Brikama ndi holo yanu, kuti ngati si patali ndisunthireko shedi. Ndinafunsa mkulu uja ngati kwa Bunja nakonso anapitako. Anati ayi, watanganidwa, akukonzekera kukaimira dziko kunja. Mulungu amutsogolere. Akafika asakanditchule.

4. Za kuthokoza. Ine amene anandiphunzitsa kumata chubu ndi malemu Saikou Bojang, anandimenya ndi sipanala kawiri, Mulungu awachitire chifundo. Kasitomala akati, "Mjomba, dzanja lako ndi labwino," ndimati ndi dzanja la a Saikou. Sindithokoza guluu, ngakhale ndi amene amandizunguza mutu tsiku lonse. Bunja wasuta zaka zisanu ndi chimodzi osapeka nyimbo ngakhale imodzi. Wakhala pafupi ndi kompuresa miyezi iwiri, mendulo. Chamba chikanakhala chopeka nyimbo, Bwana, kuseri kwa depoti ya mabasi kukanakhala kwaya. Ndinamuimbira foni kuti akonze mawu ake. Anati, "Mkulu, ukufuna ndiime pamaso pa anthu n'kuthokoza makina a mphepo? Undichotsera ulemu." Ndiye ulemu wake uli bwinobwino, wachoka ndi wanga.

5. Ili ndi lalikulu, ndaliika kumapeto kuti musatope msanga. A Karamo anena kuti Lachisanu lino, akangotuluka ku mapemphero, akutenga Jankey ndi Sirra kupita nawo kumudzi ku Kiang. Akuti mdzukulu wawo sangakulire pa malo amene dziko lonse lawamva pa kanema. Ndinalumbira, sanamve. Anati, "Mwana iwe, nduna inaomba m'manja. Nduna ingaombere bodza?" Funso limenelo ndakusungirani, ine landikanika. Akuti asintha maganizo pokhapokha aone pepala la sitampu ya boma. Jankey sakufuna kupita, koma ndi bambo ake. Wangondiuza kuti, "Sankung, ine ndinakwatiwa ndi wa matayala, osati wa pa kanema. Konza."

Ndipo mwana sagonanso masana. Ndayesa kuchita du-du-du ndi pakamwa, amandiyang'ana ngati ndamugulitsa chinthu chachinyengo. Tinamuikira nyimbo ya Bunja pa foni, analira kuposa kale, poti iyeyo yeniyeni akuidziwa. Makasitomala nawo akudutsa. Dzulo ndinayesa kupopa tayala la lole ndi pampu ya njinga, dalaivala anapita kukadya, anakapemphera, anabwerera, n'kundifunsa ngati ndayamba.

Choncho, Olemekezeka, ndikugwada ndi mapempho awiri okha. Loyamba, kapepala ka mzere umodzi, konena kuti mwa Sankung Darboe munapezeka mphepo basi, ndi sitampu pansi, kafike Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu. Dzanja limene linaomba lija lingathenso kudinda, sindikukayika.

Lachiwiri, kompuresa. Ngati oyeza anu apezamo nyimbo, ndi zoona, ndikuvomera. Mwa mwayi wa Mulungu mwamanga wopeka weniweni. Muiveke mendulo yake pa chogwirira, muibweze kwawo. Koma ngati nayonso yalowa pa mndandanda ndipo singatuluke, mungondiuza khomo lolowera oona akaidi. Sirra amagona 2 koloko. Ndizibwera naye ku ofesi kwanu masana aliwonse, mutipatse soketi ndi pakona. Ndamva kuti nthawi imeneyo kumeneko kumagonedwa bwino, ndipo makina akangoyaka iye sadzadzutsa aliyense. Akapanda kuyaka, Bwana, mudzamva woimba amene sanasutepo.

Ine wanu wotsika ngati tayala lophwa,

Sankung Darboe
Wa matayala, moyang'anana ndi mpopi. Malo mukuwadziwa kale.