Ine, Ubongo Wanga ndi Tiyi wa Kufakitale

LOLEMBA

Ndasiya tiyi. Kapu ndaivundikira pawindo.

Loweruka ndikukaonekera kwa makolo a bwenzi langa Edina ku Makwasa. Bambo ake, a Namakhwa, ndi mkulu wa mpingo wa Sabata, ndipo m'nyumba mwawo tiyi salowa. Ine ndine kalaliki mufakitale ya tiyi, ndimamwa wakuda bii kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Akandifunsa, ndikufuna ndikayankhe zoona: ndinasiya.

Mantha ndilibe. Edina akuphunzira unamwino, ndipo dzulo wandifotokozera zonse. Akuti mu ubongo muli timaselo tambirimbiri totumizirana mauthenga. Munthu akatopa, uthenga wa tulo umabwera n'kukhala pamalo pake. Tiyi ali ndi mankhwala otchedwa kafeini, amene amathamangira kukakhala pamalo pomwepo, uthenga wa tulo n'kusowa pofikira. Akutinso mbali yakutsogolo ya ubongo, kuseri kwa chipumi, ndi imene imauza munthu kuti "usachite".

Ndadziyang'ana pagalasi. Chipumi changa n'chachikulu. Nkhaniyi yatha kale.

LACHIWIRI

Mutu. Ukugunda ngati injini ya kufakitale.

Zosadabwitsa. Edina anandichenjeza kuti mitsempha ya magazi ya m'mutu imatakasuka kafeini akasowa. Odwala ena amangobuula osadziwa chifukwa. Ine ndikubuula ndikudziwa.

Zimene sindinaziganizire:
- fakitale yonse imanunkhira tiyi
- malaya anga amanunkhira tiyi
- ndikatuluka panja kuti ndipume, phiri lonse ndi tiyi mpaka kumene maso alekezera

Malovu akungodzaza mkamwa okha, osandipempha. Nawonso ndi ubongo, wazolowera kuti fungo likabwera kapu ili m'njira. Uphunzira.

LACHITATU

Ndawakalipira amayi ogulitsa mandasi pageti chifukwa chondifunsa kuti, "Lero osatenga a tiyi, achimwene?" Ndawapepesa masana. Ndawafotokozera za timaselo. Akuti, "Pepani, mupite kuchipatala."

Ndagona pa desiki, chipumi chachikulu chija chili pa pepala la katundu. Inki yandidinda pamphumi. Anzanga andisiya ndiyende nayo mpaka kukantini.

Madzulo ndamwa madzi otentha a mandimu, m'kapu yomwe ija, nthawi yomwe ija, kuti ubongo upusitsike. Sunapusitsike.

LACHINAYI

A Makwinja, amene amalawa tiyi asanapakidwe, ali ndi chimfine. Mphuno yatseka, lilime silikumva kanthu. A manijala akuti, "Iwe umaudziwa tiyi wathu kuposa aliyense, kawathandize."

Ndikanakana bwanji? Komanso kulawa si kumwa. Umapsontha pa supuni, kuzunguza mkamwa, kulavulira m'chitini. Malamulo a ntchito amatero, ndipo mbali yakutsogolo ya ubongo wanga inavomereza.

Makapu oyamba ndalavula bwinobwino. Kenaka ndafika pa wa masamba anthete a kumunda wakumtunda, wofiirira ngati dothi la mvula yoyamba. Ndazunguza. Ndayang'ana chitini. Pakhosi payenda pokha.

A Makwinja akuti, "Chitinitu chili uku, bambo."

Pofika kumapeto kwa tebulo chitini chinali chouma, mutu utasiya, ndipo ndinali kuimba. Ndalemba malipoti a sabata yonse. Dziko ndi lokoma!

LACHISANU

Ndayambiranso kusiya. Dzulo sindikuliwerengera, inali ntchito.

Ndasita malaya oyera, ndapukuta nsapato, ndaloweza vesi. Kudwala konse ndinadwaliratu Lachiwiri, ndiye ubongo sungabwerezenso zomwezo. Izi Edina sananene, ndaziganiza ndekha.

LOWERUKA

Wabwereza.

Mutu wandiyamba ndili pa matola. Kutchalitchi andikhazika kutsogolo monga mlendo, pakati pa amalume ake a Edina ndi mphunzitsi wina wa pamishoni. Wolalikira: a Namakhwa. Mutu wa ulaliki: kukhala maso.

Ndadzitsina pantchafu. Ndaluma lilime. Ndikukumbuka akutsegula Baibulo, kenaka ndikukumbuka amalume akundichotsa paphewa pawo mwaulemu, jekete lawo litanyowa pang'ono. Edina akuti mkonono unamveka mpaka kwa amayi a kwaya. Akuti bambo ake anaima kaye kudikira kuti ndimalize.

Titadya masana, a Namakhwa andiitanira pansi pa mtengo wa mapeyala. Munthu wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono.

"Mumamwa masamba aja?"

Ndinakonzeka kunena kuti ndinasiya. M'malo mwake ndawafotokozera zonse: timaselo, uthenga wa tulo, kafeini, mitsempha, chimfine cha a Makwinja. Ndajambula ndi kamtengo pansi. Ndamaliza ndi kuti, kunena zoona, amene anameza Lachinayi komanso amene anagona m'tchalitchi si ine kwenikweni, ndi ubongo.

Amvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana chojambula changa.

"Ndamva. Nanga mwana wangayu akufunsiridwa ndi ndani, inuyo kapena ubongowo?"

Ndati tonse awiri.

"Ndiye mukagwirizane kaye. Mukamvana, mubwere limodzi tidzakambe."

LAMULUNGU

Sanandikane. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kuyambira m'mawa. Amayi ake a Edina anandipatsira nthochi ndi kampukutu ka soya wokazinga woti ndizimwa m'malo mwa tiyi. Ndamuyesa. Akukoma ngati chikonyo chopserera.

Edina pondiperekeza sanakwiye, anangoseka mpaka kugwira mtengo. Akuti mutu umatenga sabata, mwina ziwiri, ndipo anthu anzeru amachepetsa pang'onopang'ono, sasiya tsiku limodzi. Ndamufunsa chifukwa chake sanandiuze poyamba. Akuti, "Ndinakuuzani, koma munali kudziyeza chipumi."

Ndiye pano ndili pakhonde ndi theka la kapu ya tiyi, wotuwa, womvetsa chisoni. Mawa theka lina. A Makwinja achira, chitini cholavulira chija azikhala nacho okha.

Ku Makwasa ndidzapitanso mwezi wamawa. Ubongo sindinauuze.