Odzazonda Kapitawo

Lolemba

Kapitawo wachira! Adokotala a ziweto ochokera kwa Mkanda apapasa mwendo umene unalowa m'dzenje la okumba mbewa uja, akuti kutupa kwatha. Hatchi yokhayo m'dera lonse lino, imene bwana wa esiteti anandisiyira pochoka, yaimanso ndi miyendo inayi.

Malangizo awo: choyamba kumuyendetsa ine ndili pansi, kenako chishalo chopanda munthu, pomaliza munthu. Osapupuluma.

Loweruka ndi ukwati wa Tadala. Ali kamwana ndinamulonjeza kuti tsiku lake adzachoka kutchalitchi atakwera Kapitawo. Mwana ndi mmodzi yemweyu, ndipo akukakhala ku Chipata. Lonjezo limeneli lokha sindiphonya.

Lachiwiri

Ulendo woyamba, mpaka kumjigo. Akuyenda mwamphamvu, wopuma wefuwefu ndine.

Pobwerera tikupeza amayi a kumpingo pakhomo. Chivulalireni Kapitawo, sipadutsa tsiku osabwera kudzazonda matenda, ndipo sabwera chimanjamanja. Lero: madeya, nzimbe, mbatata zosenda kale. Zosenda kale! Kapitawo kungoona beseni, mwendo m'mwamba. Tsimphi, tsimphi.

"Kalanga ine, mwana wa eni akuvutika!"

Mwina ndamuyendetsa kwambiri. Ndikudziimba mlandu.

Lachitatu

Tsiku la chishalo. Wachilandira bwinobwino. Amake Tadala akutuluka m'nyumba ndi beseni la zochapa, iye wayamba kutsimphina.

Koma dikirani. Unavulala ndi wakutsogolo. Lero wanyamula wakumbuyo!

Ndikuwaonetsa amake Tadala. Yankho: "Matenda amayenda m'thupi, inu simudziwa?"

Ndikumuyang'ana m'maso. Iye akuyang'ana beseni.

Lachinayi

Lamulo latsopano: palibe kudzazonda mpaka ukwati udutse. Ndaima panjira n'kubweza amayi ndi mabeseni awo. Mudzi wonse wamva dzuwa lisanafike pamutu. Ati chiyambire sanaonepo munthu wopitikitsa odzazonda matenda.

Akulu a mpingo afika kudzandilangiza za chifundo. Kumbuyo kwa njinga yawo kuli phava la nthochi. Si langa.

Madzulo mbuzi yalowetsa mutu m'madeya a Kapitawo. Liwiro lake! Waithamangitsa mpaka kudambo, fumbi kobo, walumpha ndi ngalande yomwe. Ndikukuwa kuti anthu adzaone okha. Pamene akufika, bwana waima ndi miyendo itatu, mutu pansi, ngati wamasiye.

"Mwamuthamangitsa ndinu, eti?"

Lachisanu

Kuseri kwa chigafa cha fodya, kopanda maso a anthu. Ndakwera. Akuyenda! Akuthamanga pang'ono! Msana wofewa ngati kale, makutu chilili. Mtima wanga mbee, ndayamba ndi nyimbo yomwe.

Kenako mayi wina akudutsa, ulendo wa kuchigayo, beseni pamutu.

Kapitawo waima nji! Ine sindinaime.

Kakolo ndabinya. Ndafika kunyumba ndikutsimphina, chingwe m'manja, mnzanga akutsimphina pambuyo. Amake Tadala: "Nanunso mwayamba? Madeya atha."

Loweruka

Ndamusambitsa, ndamupesa, maliboni m'khosi ndi kumchira. Wafika kutchalitchi akunyada ngati mkwati ndiye. Ine pa kabaza, nsapato imodzi.

Chimene sindinaganize: ukwati ndi mabeseni. A mpunga, a thobwa, a ndiwo, amayi ndandanda kudutsa pabwalo. Tadala akutuluka, chovala choyera mbee, nthungululu zili pakamwa. Kapitawo akuyang'ana uku, akuyang'ana uko, akusowa mwendo woti anyamule. Wasankha wakutsogolo, ndipo lero walondola.

"Nkhanza! Mukweze mwana pa wodwala?"

Asewere anga a ku Chipata akundinong'oneza: "Bakulu, iyi nyama ni yodwala. Tili na motoka."

Manyazi andigwira, ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Ndikumuuza Tadala kuti andikhululukire, akwere galimoto. Iye akuseka mpaka misozi, akulanda chingwe m'manja mwanga.

"Ababa, Kapitawo wandibereka kuyambira ndili mwana. Lero apume, tiyenda limodzi."

Ndiye mdipiti wake: mkwatibwi patsogolo akukoka hatchi, mkwati wagwira chovala kuti chisakwekwereze m'fumbi, galimoto ya asewere ikukwawa pambuyo yopanda wokwera, ine pa kabaza kumapeto. Wotsimphina mwabodza kutsogolo, wotsimphina zenizeni kumbuyo. Ndalira njira yonse, ndipo si chifukwa cha kakolo.

Lamulungu

Tadala wapita m'mawa. Nyumba yangoti zii. Ndamusowa kale.

Phazi latupa ngati dzungu. Ndakhala pakhonde, mwendo pa mpando, poonekera bwino. Potuluka kutchalitchi amayi akubwera ndi mabeseni awo. Ndikukonza nkhope ya wodwala.

"Mwaswera bwanji, bambo a Tadala? Nanga odwalawo agona bwanji?"

Adutsa. Kukhola.

Chishalo ndapachika kudenga, chikhale komweko. Amake Tadala andisiyira nthochi ziwiri m'mbale, ati ndisazolowere.

Anthu atabalalika ndikumva mapazi. Kapitawo, miyendo yonse inayi, osatsimphina ngakhale pang'ono. Wafika pakhonde, wanunkhiza phazi langa, wapumira mpweya wotentha pabondo. Kenako wadya nthochi zonse ziwiri, ndi makoko omwe.

Kubwera chimanjamanja, n'kudyanso za wodwala. Ndangomusiya. M'mudzi monse muno, wadzandizonda ndi yekhayu.