Nkhondo ya Fomu Yopanda Mwini

Tcherani khutu, inu nonse odziwa kuuma kwa mabenchi a m'kalasi! M'masiku aja pamene akuluakulu a yunivesite analamula kuti ophunzira aziwunika aphunzitsi awo pa mafomu, kunabuka nkhondo imene makonde akuisimbabe mpaka lero.

Mafomu anasonkhanitsidwa m'makatoni awiri. La kumanja linali la bambo a masamu, a Chipalabolodi, Ofufuta-Anthu-Asanakopere, amene ankaphunzitsa atafulatira kalasi. La kumanzere linali la mayi a mbiri yakale, a Namanotsi, Mfumukazi-ya-Mapepala-Achikasu, amene anawerenga manotsi omwewo zaka khumi ndi zisanu osasintha ngakhale liwu limodzi. Mafomu onse anali mikondo yokhayokha: "amathamanga", "amatigonetsa". Koma pansi, pakatikati pa makatoniwo, mlembi wa dipatimenti anatola fomu imodzi yopanda dzina la mphunzitsi, yolembedwa kuti: "Awa ndiye amaphunzitsa! Mulungu awasunge."

Ndipo mwezi womwewo unali wokweza anthu pantchito.

A Chipalabolodi anaimirira, fumbi la choko likuyoyoka m'mapewa ngati phulusa la mizinda yogonja. "Mlongo, ndimakulemekezani, koma taonani seveni ali pa detiyo! Seveni wodula pamimba chonchi amabadwira m'kalasi mwanga!"

A Namanotsi anavula magalasi, chinthu chimene chinathawitsapo akuluakulu atatu. "Achimwene, ana anu amatchula Mulungu akulira. Uyu walemba akumwetulira. Ngwanga!"

Dipatimenti inang'ambika pakati. A kumanja analanda ketulo, a kumanzere anabisa sitepula, ndipo kwa masiku asanu ndi anayi anthu ankapatsana moni ndi nsidze zokha.

Pomaliza mkulu wa dipatimenti, Mtalikitsa-Misonkhano, anagamula: "Aliyense akakhale kumbuyo m'kalasi mwa mnzake, adzatiuze ngati fomuyi ikumuyenera."

Lolemba a Namanotsi analowa ndi cholembera chofiira. Atangokopera mzere umodzi bolodi inafufutidwa, ndipo anakuwa osadziwa: "Tadikirani, aphunzitsi!" Kalasi yonse inaomba m'manja. A Chipalabolodi anacheuka, koyamba m'zaka zambiri, naona kuti ophunzira awo ali ndi nkhope.

Lachiwiri ngwazi ya masamu ija inapita kukabwezera, koma inagwa pa tsamba lachiwiri la manotsi, mkonono wake n'kugwedeza mawindo. Manyazi atawagwira, a Namanotsi anatseka mapepala nafunsa ophunzira funso. Manja asanu ndi awiri anakwera m'mwamba. Mayiwo anachita kugwirira tebulo.

Awiriwo anakumana pakhonde, aliyense maso pansi.

"Mlongo, fomu ija tengani. Si yanga."

"Ayi achimwene, ine sindisenza katundu wa eni."

Nkhondo yachiwiri, yokankhirana fomu, ikanabuka pomwepo mlembi akanapanda kuthamangira ku fotokope kuti aliyense alandire yake. Koma inki inali kutha, ndipo pamapepala onse awiri panatuluka mawu awiri okha: "Mulungu awasunge."

"Awa ndiye athu," anavomera onse.

Mtendere unalengezedwa poliza belu katatu. Pa phwandolo panali bisiketi imodzi ya anthu khumi ndi anayi, ndipo a Chipalabolodi anaigawa ndi rula, pang'onopang'ono, akuyang'ana anthu kumaso, akufotokoza gawo lililonse, mpaka a Namanotsi anakwera pampando, kachidutswa kawo m'mwamba, akufuula: "Ndamva! Anthu inu, ndamva masamu!"